Ndudu zamagetsi ku Livingstone: kukweza mphamvu ya batire kumasintha zambiri kuposa utsi

LIVINGSTONE – Munthu akagula ndudu yamagetsi, yomwe ambiri amangoitchula kuti vape, nthawi zambiri amapeza kuti ili ndi kabatani kapena kamkombero kozunguza kolembedwa manambala. Pa zina manambalawo amayambira pa 3.3 kukalekeza pa 4.8. Pa zina pali timagetsi ta mitundu itatu tosonyeza mphamvu yochepa, yapakati ndi yaikulu.

Chimene osuta ambiri amadziwa n'chakuti nambala ikakwera, utsi umachuluka ndipo umamveka kwambiri pakhosi. Zimenezi n'zoona. Koma akatswiri a sayansi amene akhala akuyeza zipangizozi kwa zaka zoposa khumi apeza kuti kabatani komweko kamasinthanso zinthu zina zitatu: kuchuluka kwa chikonga cholowa m'magazi, kuchuluka kwa mankhwala oipa olowa m'mapapo, ndi kukula kwa ntchito imene batire likugwira.

Nkhaniyi ikukhudza mzinda wa Livingstone mwapadera chifukwa cha malo amene mzindawu uli, kutentha kwake, ndiponso mavuto a magetsi amene dziko la Zambia ladutsamo m'zaka zapitazi.

Mzinda wa pamphambano

Livingstone, yemwe anali likulu la Northern Rhodesia kuyambira mu 1911 kufikira mu 1935, lero ndi likulu la ntchito zokopa alendo m'dziko la Zambia. Mathithi a Mosi-oa-Tunya ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pakati pa tawuni. Mlatho wa Victoria Falls, womwe unamalizidwa mu 1905, umalumikiza mzindawu ndi dziko la Zimbabwe. Mlatho wa Kazungula, womwe unatsegulidwa mu May 2021, umatsegula njira ya ku Botswana ndi ku South Africa. Bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula limalandira alendo ochokera ku Johannesburg ndi mizinda ina.

Pa malo otere katundu watsopano sachedwa kufika. Ndudu zamagetsi zimabwera m'zikwama za alendo, za amalonda odutsa malire ndi za achibale ochokera ku Lusaka kapena kunja. Zambiri zimapangidwa mu mzinda wa Shenzhen ku China, koma zimapangidwira misika yosiyanasiyana yokhala ndi malamulo osiyana. Chipangizo chikadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, kapepala ka malangizo kamakhala katasowa, ndipo tchaja yake imakhala itasinthidwa. Wogula womaliza amatsala ndi kabatani ndi manambala amene palibe anamufotokozera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Momwe nduduyi imagwirira ntchito

Ndudu yamagetsi ya masiku ano inapangidwa mu 2003 ndi katswiri wa za mankhwala wa ku China, a Hon Lik, ndipo inayamba kugulitsidwa m'dzikolo mu 2004. Mu 2025 bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linalengeza kuti anthu oposa 100 miliyoni akugwiritsa ntchito ndudu zamtunduwu, ndipo mwa iwo osachepera 15 miliyoni ndi ana a zaka zapakati pa 13 ndi 15.

Ngakhale zimasiyana maonekedwe, zonse zili ndi zigawo zinayi. Pali batire. Pali kawaya kopotapota kotchedwa koyilo, kamene kamatentha magetsi akadutsamo, monga momwe mbale ya sitovu yamagetsi imachitira. Pali thonje lokhudzana ndi koyiloyo, lomwe limakoka madzi monga chingwe cha nyali ya koloboyi chimakokera parafini. Pomaliza pali kathanki ka madziwo.

Madzi amenewa ndi osakaniza. Mbali yaikulu ndi mankhwala awiri, propylene glycol ndi glycerine. Amathiramo zonunkhiritsa, ndipo kawirikawiri amathiramonso chikonga, chomwe nthawi zambiri chimachotsedwa m'masamba a fodya onga amene amalimidwa ku Chipata, ku Lundazi ndi ku Choma.

Ndudu wamba imayaka, ndipo nsonga yake imafika pa madigiri pafupifupi 900 pamene munthu akukoka. Ndudu yamagetsi siyenera kuyaka. Ntchito ya koyilo ndi kutenthetsa madzi kufikira asanduke nthunzi. Propylene glycol imawira pa madigiri 188, pamene glycerine imawira pa madigiri 290. Nkhani yonse ya kabatani kaja yagona pa malire amenewa: kutenthetsa kokwanira kutulutsa nthunzi, ndi kutenthetsa kopitirira kumene kumawononga madziwo.

Manambala anayi amene amasokoneza anthu

Volt ndi muyeso wa kukankha kwa magetsi. Anthu a ku Livingstone ali ndi chitsanzo pakhomo pawo. Madzi a mtsinje wa Zambezi amagwa mamita oposa 100 pa mathithi, ndipo kuya kwa phompho kumeneku ndi kumene kumapatsa madzi mphamvu yozunguza makina a pa siteshoni ya magetsi ya Victoria Falls, yomwe imatha kutulutsa ma megawatt 108. Volt ili ngati kuya kwa phompholo. Ampere ili ngati kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Ohm ndi muyeso wa kupanikiza kwa njira, monga paipi yopapatiza imachepetsera madzi. Watt ndi ntchito yeniyeni imene yagwiridwa, yomwe mu ndudu yamagetsi ndi kutentha kwa koyilo.

Mwini ndudu yamagetsi amakumana ndi manambala anayi a ma volt, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa.

Yoyamba ndi 230, yomwe ndi mphamvu ya magetsi a ZESCO otuluka pa soketi ya pakhoma. Magetsi amenewa salowa mu ndudu mwachindunji.

Yachiwiri ndi 5, yomwe imatuluka pa tchaja wamba ya USB.

Yachitatu ndi 3.7, yomwe ndi mphamvu ya batire limodzi la lithium. Batire lotere likadzaza limakhala pa 4.2, kenaka limatsika pang'onopang'ono kufikira cha m'ma 3.2, pamene chipangizo chimazima chokha. Nambala ya 3.7 ndiyo imatchedwa mphamvu ya masiku onse.

Yachinayi ndi imene munthu amasankha pa kabatani. Zipangizo zina zili ndi kamakina kokweza mphamvu ya batire kufika pa 4.8, pa 5 kapena kuposerapo. Zina zazikulu zimalumikiza mabatire awiri n'kufika pa 7.4, ndipo pa 8.4 akadzaza. Zipangizo zambiri zatsopano zimaonetsa ma watt m'malo mwa ma volt, koma chochitika m'kati ndi chimodzimodzi: munthu akakweza ma watt, kamakina kamakweza ma volt. Ngakhale ndudu zina zotaya zikatha zili ndi kabatani kowonjezera mphamvu.

Masamu amene sabisa kanthu

Lamulo lolumikiza miyeso imeneyi linafalitsidwa mu 1827 ndi mphunzitsi wa ku Germany, a Georg Ohm. Kuchokera pa lamuloli, kutentha kwa koyilo kumapezeka pochulukitsa ma volt ndi ma volt omwewo, kenaka n'kugawa ndi ma ohm a koyilo.

Koyilo ya ma ohm 2 ikapatsidwa ma volt 3.3 imatulutsa ma watt 5.4. Pa ma volt 3.7 imatulutsa 6.8. Pa 4.2 imatulutsa 8.8. Pa ma volt 5 imatulutsa 12.5.

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Kuchoka pa 3.3 kufika pa 5 kumaoneka ngati kusuntha kochepa, pakuti ma volt angokwera ndi theka. Koma kutentha kwawonjezeka kuposa kawiri. Kamkombero kamasuntha pang'ono pachala, koma moto wa m'kati umadumpha.

Masamu omwewa akuonetsanso kuti nambala ya ma volt payokha siuza munthu zonse. Koyilo ya ma ohm 0.5 pa mphamvu ya masiku onse ya 3.7 imatulutsa ma watt 27, kuwirikiza kanayi koyilo ya ma ohm 2 pa nambala yomweyo. Anthu awiri akhoza kukhala pa benchi imodzi ku Mukuni Park, onse ataika pa 3.7, koma wina akukoka moto woposa wa mnzake kanayi. N'chifukwa chake opanga makoyilo amalemba pa thupi la koyilo ma ohm ake ndi malire a ma watt amene ingapirire. Manambala ang'onoang'ono amenewo ndi ofunika kuposa a pa kabatani.

Zimene ofufuza anapeza

Mayi aliyense wophika pa mbaula amadziwa kuti moto ukachuluka ndiwo sizipsa msanga chabe, koma zimapserera pansi n'kusintha fungo. Madzi a ndudu yamagetsi amachitanso chimodzimodzi. Akatenthedwa mopitirira, propylene glycol ndi glycerine zimasweka n'kusanduka mankhwala ena, monga formaldehyde, acetaldehyde ndi acrolein.

Formaldehyde ndi mankhwala amene amapezeka mu formalin, madzi osungira mitembo kuti isawonongeke. Mu 2004 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika mankhwalawa m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Acrolein amayabwa ndi kuwononga njira za mpweya.

Mu 2014 gulu la ofufuza a ku Poland ndi ku America, lotsogozedwa ndi a Leon Kosmider, linafalitsa zotsatira zosonyeza kuti kukweza mphamvu kuchoka pa ma volt 3.2 kufika pa 4.8 kunachulukitsa formaldehyde, acetaldehyde ndi acetone kuyambira kanayi mpaka kuposa ka 200, malinga ndi mtundu wa madzi.

Mu January 2015 akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Portland State ku America analemba m'magazini ya za chipatala ya New England Journal of Medicine kuti pa ma volt 3.3 sanapeze mankhwala otulutsa formaldehyde mu nthunzi, koma pa ma volt 5 anawapeza ochuluka. Nkhaniyi inamveka padziko lonse.

Inabutsanso mkangano. Dokotala wofufuza wa ku Greece, a Konstantinos Farsalinos, anatsutsa ponena kuti makina a m'chipinda choyesera amakoka utsi umene munthu sangaupirire. Iwo anafotokoza kuti moto ukachuluka thonje limauma, utsi umanunkha chopserera, ndipo wosuta amasiya yekha. Akatswiri a ku Portland anayankha mu 2018 ndi kafukufuku wina wosonyeza kuti formaldehyde akhoza kukhala wochuluka ngakhale pa mphamvu imene osuta sanamve kupserera.

Mbali ziwirizi zimasiyana pa funso lakuti lilime la munthu lingamuteteze bwanji. Koma zimagwirizana pa mfundo yaikulu: kutentha kukakwera, mankhwala oipa amachuluka, ndipo thonje likauma amachuluka koposa. Fungo la chopserera ndi chenjezo loti malire adutsidwa kale.

Koyilo nayonso imatulutsa zake. Imapangidwa ndi zitsulo zosakaniza zokhala ndi chromium, nickel ndi aluminium. Mu 2018 ofufuza a pa sukulu ya Johns Hopkins ku America anayeza zipangizo za osuta 56 ndipo anapeza mtovu, chromium, nickel ndi manganese mu nthunzi ya zambiri mwa izo.

Chikonga chimakwera pamodzi ndi moto

Moto ukachuluka, madzi ambiri amasanduka nthunzi pa kukoka kumodzi, ndipo chikonga cholowa m'thupi chimachulukanso. Kafukufuku wa pa American University of Beirut wofalitsidwa mu 2015 anasonyeza kuti chikonga chotuluka pa kukoka ka 15 chikhoza kusiyana kuposa ka 50, malinga ndi mphamvu ya chipangizo, ukali wa madzi ndi kakokedwe ka munthu.

Pa chifukwa chimenechi madzi amapangidwa a mitundu iwiri. Madzi a zipangizo zazikulu zamoto wambiri amakhala ndi chikonga chochepa, kawirikawiri mamiligalamu 3 kapena 6 pa mililita imodzi. Madzi a tizipangizo tating'ono tamoto wochepa amakhala aukali, mamiligalamu 20 kufikira 50. Botolo lolembedwa 5% lili ndi mamiligalamu 50 pa mililita. Maiko a European Union amaletsa madzi opitirira mamiligalamu 20, koma ku America a 50 amagulitsidwa. Mu mzinda wolandira katundu wa misika yonse iwiri, mabotolo a mitundu yonseyi akhoza kupezeka pa thebulo limodzi.

Ngozi imabwera pamene munthu wathira madzi aukali m'chipangizo chamoto wambiri. Chikonga chikalowa chochuluka nthawi imodzi, munthu amamva nseru, chizungulire, mutu, thukuta, ndipo mtima umagunda mofulumira. Ngakhale popanda zizindikiro zotere, thupi limazolowera muyeso wapamwamba, ndipo chilakolako chimakula. Amene anagula chipangizo kuti achepetse fodya akhoza kupezeka atamangidwa kuposa kale.

Thumba nalo limamva. Mphamvu yaikulu imamaliza madzi msanga, imapsereza thonje msanga, ndipo batire limafuna kutchajidwa kawirikawiri. Makwacha amene munthu amaganiza kuti wapulumutsa posiya ndudu wamba amathera pa mabotolo ndi makoyilo.

Batire ndi dzuwa la October

Mabatire a lithium amasunga mphamvu yaikulu m'malo aang'ono. Batire lotchuka m'zipangizo zazikulu limatchedwa 18650, chifukwa ndi la mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali. Batire lililonse lili ndi malire a ma ampere amene lingatulutse popanda kutentha mopitirira. Koyilo ya ma ohm 2 pa ma volt 3.7 imakoka ma ampere osakwana 2. Koyilo ya ma ohm 0.15 pa batire lodzaza imakoka ma ampere 28, muyeso umene mabatire ambiri a mtunduwu sangaupirire.

Batire likapanikizidwa chotere, kapena likang'ambika chikopa chake, kapena mbali zake zikakhudzana ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo m'thumba, kutentha kwa m'kati kumadzikoleza kokha kufikira liphulike. Popeza limakhala m'chitsulo chooneka ngati mpope, limatha kufwamphuka ngati chipolopolo.

Nthambi ya boma la America yoona za ngozi za moto inawerenga ngozi 195 za kuphulika ndi kuyaka kwa ndudu zamagetsi pakati pa 2009 ndi 2016. Anthu 133 anavulala, ndipo 38 mwa iwo anavulala modetsa nkhawa. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2018 anayerekeza kuti zipatala za m'dzikolo zinalandira anthu oposa 2,000 opsa ndi zipangizozi pakati pa 2015 ndi 2017. Mabala ambiri amakhala a pantchafu, m'manja ndi kumaso.

Zipangizo zoopsa kwambiri ndi zimene zilibe kamakina koteteza, zomwe zimangolumikiza batire ndi koyilo mwachindunji. Izi sizizima zokha zinthu zikalakwika.

Nyengo ya ku Livingstone imawonjezera vutoli. Mzindawu uli m'chigwa cha Zambezi, ndipo m'miyezi ya October ndi November kutentha kwa masana kumafika pa madigiri 35, masiku ena kuyandikira 40. Opanga mabatire a lithium amalangiza kuti asatchajidwe pa kutentha kopitirira madigiri 45. M'galimoto yotsekedwa yoimikidwa padzuwa mumsewu wa Mosi-oa-Tunya, kutentha kumadutsa muyeso umenewo m'kanthawi kochepa. Batire limene latentha kale ndi dzuwa, kenaka n'kukakamizidwa kutulutsa mphamvu yaikulu, limakhala pafupi ndi malire ake.

Malaiti akabwera usiku

Pa 29 February 2024 mtsogoleri wa dziko la Zambia, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo m'miyezi yotsatira madera ambiri ankakhala opanda magetsi kwa maola ofika 21 pa tsiku.

Nthawi imeneyo inasintha momwe anthu amatchajira zipangizo zawo. M'makomboni monga Maramba, Dambwa, Libuyu ndi Linda, monganso m'mizinda ina, mabanja anazolowera kusiya mafoni ndi tochi pa soketi pogona, kuti malaiti akabwera pakati pa usiku zidzaze zokha. Ena anatembenukira ku sola, ku batire la galimoto ndi ku malo otchajitsa polipira.

Kwa ndudu yamagetsi chizolowezi chimenechi chili ndi ngozi. Batire likayamba kutentha munthu ali m'tulo, palibe wolichotsa pa soketi, ndipo ngati lili pa matiresi kapena pafupi ndi neti ya udzudzu, moto umafalikira msanga. Magetsi akamabwerera atazima amatha kubwera modumpha, ndipo tchaja yotchipa yopanda chitetezo imatha kupereka mphamvu yolakwika. Batire la galimoto ndi la sola la panyumba ndi a ma volt 12, ndipo sayenera kulumikizidwa ku ndudu popanda kachipangizo kotsitsa mphamvu kufika pa 5.

Njira yabwino ndi kutchaja masana munthu ali maso, pa simenti kapena pa thebulo lopanda nsalu, pamthunzi, pogwiritsa ntchito tchaja yogwirizana ndi chipangizocho, ndi kuchotsa chikangodzaza. Batire limene latupa, lapindika, lang'ambika kapena lanyowa siliyenera kugwiritsidwanso ntchito. Mabatire apadera asungidwe m'kabokosi ka pulasitiki, osati m'thumba. Ndudu zotha zisaponyedwe pa moto wa zinyalala kapena m'tchire louma, pakuti m'kati mwake mumakhalabe batire.

Munthu akapsa ndi batire lophulika apite msanga ku chipatala chachikulu cha Livingstone kapena ku chipatala chilichonse chapafupi, ndipo auze achipatala kuti wapsa ndi batire, chifukwa pabalapo pakhoza kukhala mankhwala a m'batiremo. Asapakepo mafuta ophikira, mazira kapena mankhwala otsukira mano.

Okwera ndege akumbukirenso kuti kuyambira mu 2015 malamulo a bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse amaletsa kuika ndudu zamagetsi m'chikwama cholowa pansi pa ndege. Ziyenera kunyamulidwa m'chikwama cha m'manja, ndipo n'koletsedwa kuzitchaja m'ndege.

Zimene maiko achita

Dziko la Zambia linalowa m'pangano la World Health Organization lochepetsa fodya mu 2008. M'chaka chomwecho boma linatulutsa lamulo la Statutory Instrument nambala 39, loletsa kusuta fodya m'malo opezeka anthu ambiri. Kafukufuku wa unduna wa za umoyo wa mu 2017 anapeza kuti amuna 23 mwa 100 alionse ndi akazi 2 mwa 100 alionse amasuta fodya. Lipoti la mu 2019 lokonzedwa ndi undunawu pamodzi ndi mabungwe a United Nations linati fodya amapha anthu oposa 7,000 m'dzikoli chaka chilichonse.

Pa ndudu zamagetsi maiko atenga njira zosiyana. Uganda inaziletsa kudzera m'lamulo la mu 2015, ndipo India inaziletsa mu 2019. South Africa inayamba kudula msonkho pa madzi ake mu June 2023. Britain, yomwe imalola akuluakulu kuzigwiritsa ntchito posiya fodya, inaletsa zotaya zikatha kuyambira pa 1 June 2025. Mu December 2023 World Health Organization inati maiko 34 anali ataletsa kugulitsa ndudu zimenezi, maiko 88 analibe malire a zaka za wogula, ndipo maiko 74 analibe lamulo lililonse.

Akatswiri nawonso sanafike pa mutu umodzi. Bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa kafukufuku wa za chipatala, lapeza umboni wamphamvu wakuti ndudu zamagetsi zokhala ndi chikonga zimathandiza akuluakulu kusiya fodya kuposa mankhwala omata pakhungu ndi otafuna. World Health Organization ikuchenjeza kuti zipangizozi zikukopa ana, kuti chikonga chimasokoneza ubongo umene ukukula, ndiponso kuti n'choopsa kwa mwana wa m'mimba. Mbali zonse ziwiri zimavomereza kuti amene sasuta fodya alibe chifukwa choyambira.

Tsono munthu asankhe mphamvu iti?

Kwa wamkulu amene akugwiritsa kale ntchito ndudu yamagetsi, umboni umene ulipo ukuloza mbali imodzi. Mphamvu ya masiku onse, kapena yotsikirapo, imatulutsa mankhwala oipa ochepa, imapereka chikonga chosapitirira, imapanikiza batire pang'ono ndipo imadya ndalama zochepa. Chimene mphamvu yaikulu imapereka ndi utsi wochuluka ndi wofunda basi.

Chiyambi chabwino ndi kuwerenga manambala a pa koyilo ndi kukhala kumunsi kwa malire olembedwawo. Koyilo yatsopano idikiridwe mphindi zingapo kuti thonje linyowe. Kathanki kasafike pouma. Kukoka kotsatizana popanda kupuma kumaumitsa thonje ngakhale pa mphamvu yochepa. Fungo la chopserera likamveka, munthu asiye pomwepo, atsitse mphamvu ndi kusintha koyilo. Madzi a 20 kapena 50 asalowe m'chipangizo chamoto wambiri. Mabotolo asungidwe potalikira ana, chifukwa amanunkhira ngati maswiti, ndipo mwana wamng'ono akamwa ngakhale pang'ono akhoza kufa.

Madzi osadziwika kumene achokera ndi ngozi ina yosadalira kabatani. Ku America, pakati pa 2019 ndi February 2020, anthu 2,807 anagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anamwalira ndi matenda a m'mapapo amene anapezeka kuti akugwirizana kwambiri ndi mafuta a vitamin E othiridwa m'madzi a chamba ogulitsidwa mobisa.

Amene akusuta ndudu yamagetsi pamodzi ndi ndudu wamba adziwe kuti phindu la pa umoyo limene amayembekezera limabwera pokhapokha fodya woyaka atasiyidwa kotheratu.

Pa manambala onse olembedwa pa kamkombero kaja palibe imene imasandutsa nthunzi kukhala mpweya wabwino. Pali yoipa kwambiri ndi yoipa pang'ono. Kwa wachinyamata wa ku Maramba kapena ku Dambwa amene sanakokepo fodya, funso la 3.7 kapena 4.8 silimukhudza nkomwe, chifukwa iye alibe fodya woti asiye. Kwa amene anagwidwa kale ndi chikonga, kutsitsa nambala ndi sitepe yoyamba, ndipo anamwino ndi madokotala a m'zipatala za mumzindawu angamuthandize pa masitepe otsatira kufikira asiye.